Carole King ndi chimbale cha Tapestry

Aphunzitsi anzanga, komanso inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndati tikambeko za nyimbo. Pali chimbale chimodzi chimene ndimachikonda kwambiri, Tapestry, cha mayi wa ku America, Carole King. Chinatuluka mu February 1971 ku kampani ya Ode Records, ndipo amene anayang'anira ntchito yojambula anali Lou Adler.

Chimbalechi chinayenda malonda modabwitsa. Chinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard kwa masabata 15 otsatizana, ndipo chinapezekabe pa mndandandawo kwa masabata opitirira 300. Ku America kokha anagulitsa makope oposa 10 miliyoni. Mu 1972 mayiyu analandira mphoto zinayi za Grammy, kuphatikizapo ya chimbale chopambana pa chaka.

Ena akamva izi amangoti unali mwayi. Ine ndimakana. King anabadwa mu 1942, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali atayamba kale kupekera anthu ena nyimbo, pamodzi ndi mwamuna wake wa nthawiyo, Gerry Goffin. Mu 1961 gulu la Shirelles linafika pa nambala 1 ndi nyimbo yawo "Will You Love Me Tomorrow". Mu 1967 Aretha Franklin anatchukanso ndi ina ya awiriwa. Kwa zaka pafupifupi 10 manja ankaomberedwa kwa oyimbawo, pamene dzina la wopeka linkangolembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pa mbale.

Atayesa kudziyimbira yekha, zinthu sizinayende msanga. Chimbale chimene anajambula ndi gulu la The City mu 1968 sichinagulidwe kwenikweni, mwa zina chifukwa ankaopa kuyimba pagulu. Cha mu 1970, Writer, chinangofika pa nambala 84. Koma mnzake James Taylor anapitiriza kumulimbikitsa. Pa Tapestry, King anatenganso nyimbo ziwiri zija nkuziyimba yekha pa piyano, modekha, osafuna kupikisana ndi mawu amphamvu a Aretha. Anthu anamva munthu weniweni akuwalankhula, ndipo anagula.

Chimene chimandikhudza ndi nambala 84 ija. Ife aphunzitsi timafulumira kuweruza mwana ndi nambala imodzi. Zotsatira za MSCE zikatuluka, wolephera timamuyiwala, ngati kuti pepala lija lanena zonse za iye. Wina akanamuweruza King mu 1970, akanamuuza kuti abwerere kukapekera ena. Komatu luso linalipo kale, limangosowa nthawi ndi munthu womukhulupirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Inu amene mukubwereza mayeso, kapena mukugwira ntchito imene wina ndiye amatamandidwa nayo, zaka zimenezo sizikupita pachabe. Ndipo ife a choko, tiyeni tiwerengenso mayina a kumunsi kwa mndandanda tisanautseke m'kabati.