Kulondola Chifuwa Chosamva Mankhwala: Balaka, Liwonde, Ntaja

Msewu wopatuka pa Chingeni kulowera kum'mawa umatsetserekera m'chigwa chotentha. M'mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno limaswa mtengo, milambe imakhala itayoyola masamba, ndipo fumbi limachita kulowa m'kamwa. Tinayenda msewu umenewu kudutsa pa Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka kukafika pa Ntaja. Tinkafuna kuona njira imene munthu wa kuno amayenda akamatsokomola osasiya, mpaka atadziwa dzina la matenda ake. Tinkafunanso kudziwa kuti makompyuta owerenga zithunzi za m'chifuwa, amene akutchuka masiku ano, amamuthandiza pati panjirayi.

Zimene mapapo a kuno amapuma

Balaka inali mbali ya Machinga mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha. Ndi dziko la thonje, njinga za kabaza ndi njanji. Koma munthu woyenda ndi maso a zaumoyo amayamba waona utsi. Amene amadutsa pa Phalula amawadziwa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo kuseri kwa thumba lililonse kuli munthu amene anachezera pa uvuni. Kumapiri a Chenkumbi anthu akhala akuphwanya miyala ndi kuotcha laimu kwa zaka zambiri. M'midzi, amayi amaphika pamafuwa m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo. Pakhonde, agogo akupichira chingambwe m'kapepala.

Palinso azibambo achikulire amene anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ulendo umene unatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide silituluka m'mapapo. Limawaumitsa pang'onopang'ono, limatsegulira khomo chifuwa chachikulu, komanso limawonjezera chiopsezo cha khansa.

Mavuto onsewa amatulukira pakhomo limodzi, lomwe ndi kutsokomola. Chifuwa chachikulu cha TB, mapapo oonongeka ndi fumbi, ndi khansa ya m'mapapo zimayamba mofanana: chifuwa chosatha, kuwonda, kubanika, kupweteka kwa pamtima, nthawi zina makhololo a magazi. M'dziko muno TB ndi yofala kwambiri kuposa khansa ya m'mapapo, choncho wachipatala akayamba kuganizira TB salakwa. Vuto limabwera ngati kuganizako kwathera pomwepo.

Pa Liwonde: chithunzi choyamba

Kuchoka pa Balaka kukafika pa Liwonde ndi makilomita pafupifupi 30. Tinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, pamene madzi amawongoleredwa kuti akayendetse makina a magetsi a ku Nkula ndi Tedzani. Magetsi omwewo ndiwo amayatsa makina a X-ray. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili pa Liwonde pomwepa, ndipo odwala ochokera m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi amatumizidwa kuno akafunika kujambulidwa m'chifuwa.

Kujambula si kwachilendo. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895. Chosowa kwathu kuno si chithunzi chokha ayi, komanso munthu wochiwerenga. Madokotala amene anaphunzira mwapadera ntchito yowerenga zithunzi ndi ochepa zedi m'Malawi, ndipo amapezeka m'mizinda. Pachipatala cha boma, chithunzi amachiona ndi wachipatala yemweyo amene panja pakumudikira mzere wautali.

Apa ndi pamene kompyuta yalowera. Pulogalamu ina yotchedwa CAD4TB, yopangidwa ku Netherlands, inaphunzitsidwa poionetsa zithunzi zambirimbiri za anthu odwala ndi osadwala. Ikapatsidwa chithunzi chatsopano, m'kamphindi kochepa imapaka mtundu pamalo okayikitsa n'kupereka nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Nambala ikakwera, munthuyo amapereka makhololo kuti ayezedwe ndi makina a GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization linawavomereza mu 2010. Njira imeneyi inayesedwa kwathu konkuno. Pachipatala cha Bangwe ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anatsatira akuluakulu oposa 1,400 amene anabwera akutsokomola, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2021 zinaonetsa kuti amene zithunzi zawo zinawerengedwa ndi kompyuta anayamba mankhwala a TB mwamsanga kusiyana ndi anzawo. Chaka chomwecho World Health Organization inalola kuti mapulogalamu otere azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Galimoto zoyendayenda za Unduna wa Zaumoyo zofufuza TB zimanyamula zipangizo za mtundu umenewu.

Koma taonani bwino chilolezocho: ndi cha TB. Nambala ija imayankha funso limodzi, loti kodi chithunzichi chikufanana ndi cha munthu wa TB? Chotupa cha khansa chikhoza kukweza nambala chifukwa nacho chimaoneka ngati mthunzi, ndipo chotupa chaching'ono chobisala kuseri kwa mtima kapena nthiti chikhoza kusaoneka konse. Mthunzi wa pachithunzi sunakhale dzina la matenda.

Khansa ya m'mapapo si imodzi

Padziko lonse khansa ya m'mapapo imapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni pachaka, kuposa khansa ina iliyonse. Ili m'magulu awiri akuluakulu, ndipo mayina ake ndi bwino kuwadziwa chifukwa ndi amene amalembedwa m'kabuku ka kuchipatala.

Gulu loyamba madokotala amalemba kuti small cell, chifukwa timaselo take timaoneka tating'ono pamaikulosikopu. Pa odwala 100 alionse a khansa ya m'mapapo, pafupifupi 15 amakhala a gulu limeneli. Imagwira makamaka osuta, imakonda kuyambira pakati pa chifuwa pafupi ndi njira zikuluzikulu za mpweya, ndipo imathamanga. Nthawi zambiri imapezeka itafalikira kale, choncho thandizo lake limakhala mankhwala a khansa odzera m'mitsempha ndi kuwotcha ndi cheza, osati opareshoni.

Gulu lachiwiri, la otsala 85 aja, ndi non-small cell, ndipo nalo lili ndi nthambi. Ya adenocarcinoma imakonda kumera cham'mphepete mwa mapapo, ndipo ndi imene imapezeka kawirikawiri mwa anthu amene sanasutepo. Ya squamous imayenderana kwambiri ndi fodya, imamera chapakati, ndipo nthawi zina imabooka mkati n'kusiya mphako yofanana ndi imene TB imasiya. Za gulu lachiwirili zikapezeka msanga, dokotala akhoza kudula mbali ya phapo imene yagwidwa, munthu n'kuchira. Mankhwala ena amagwira pa nthambi ina koma ndi oopsa pa inzake. N'chifukwa chake kudziwa mtundu wake si nkhani ya mayina chabe. Ndi pamene pamachokera chisankho cha opareshoni kapena mankhwala.

Njira yotsikira ku Zomba ndi Blantyre

Titaima pamphambano ya pa Liwonde, tinaona kuti msewu wa kum'mwera ndiwo njira ya wodwala wotere. Machinga ndi Balaka zimatumiza odwala ku Zomba Central Hospital, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Liwonde. Kupitirira apo kuli Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital, ndi pamene pali likulu la dziko lino lothandizira odwala khansa. M'zipatala zikuluzikulu ngati zimenezi ndi mmene muli makina a CT, amene anayamba kujambula odwala ku London mu 1971. X-ray imapanikiza chifuwa chonse pachithunzi chimodzi, pomwe CT imachionetsa m'zigawo zopyapyala, ngati mmene timadulira buledi.

Pa zithunzi za CT ndi pamene ofufuza a kunja akuyesera kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa mitundu ya khansa. Kompyuta imayeza zinthu mazanamazana zimene diso silingawerenge: kukula kwa chotupa, kusalala kapena kukhakhala kwa m'mphepete mwake, kusakanikirana kwa kuwala ndi mdima mkati mwake. Luso limeneli linapatsidwa dzina loti radiomics cha mu 2012. Mu 2018 ofufuza a ku New York University anaonetsa kuti kompyuta ikhoza kusiyanitsa adenocarcinoma ndi squamous poyang'ana zithunzi za kanyama ka chotupa ka pamaikulosikopu. Mu 2019 a Google anasindikiza kafukufuku woonetsa pulogalamu yawo ikupeza khansa pa zithunzi za CT molingana ndi madokotala odziwa ntchitoyo.

Zimenezi n'zolimbikitsa, koma pali zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Ulongwe kapena Nsanama ayenera kudziwa. Choyamba, mapulogalamu ambiri anaphunzira pa zithunzi za ku America, Ulaya ndi Asia. Phapo la munthu amene anadwalapo TB limakhala ndi zipsera, ndipo chipsera chikhoza kusokoneza kompyuta imene sinaone zambiri zotere. Chachiwiri, ngakhale m'mayiko olemera, chigamulo chomaliza chimachokera pa kanyama kotengedwa pachotupacho n'kukayezedwa kulabotale. Kompyuta imaloza pofunika kuyang'ana, koma wotchula dzina la matenda ndi dokotala amene waona kanyamako.

Pa Ntaja: kutalika kwa njira

Kuchoka pa Liwonde msewu umakwera kudutsa m'mapiri n'kutsikira kuchigwa choyang'ana ku nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Pa Ntaja pamsika pamadzaza mpunga ndi nsomba zowamba, ndipo Chiyao chimamveka paliponse. Chakum'mawa njanji imapitirira mpaka ku Nayuchi, pamalire ndi Mozambique. Tili kumeneko tinawerengera ulendo wa munthu wa kunyanja amene wauzidwa kuti apite ku Zomba: njinga yamoto, minibasi ziwiri, ndalama ya womudikirira, ndi munda wosiyidwa nthawi yosula. Mpake kuti ambiri amabwerera kunyumba kukadikira kuti mwina chifuwacho chisiya chokha. Pa khansa ya m'mapapo, miyezi yodikirayo ndi imene imatseka mwayi wa opareshoni.

Apa banja ndi mpingo zili ndi ntchito imene makina sangagwire. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, pitani naye wodwala kuchipatala akayezetse makhololo. Kuyeza TB ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Akapezeka ndi TB, amwe mankhwala miyezi 6 yonse osadumphitsa. Koma ngati makhololo sanaonetse TB pomwe chithunzi chili ndi mthunzi, kapena ngati wamwa mankhwala mokhulupirika miyezi iwiri koma akuwondabe, akulavula magazi, mawu asasa kapena nkhope ikutupa, bwererani msanga. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, ngati si TB, chingakhale chiyani? Kodi n'kotheka kutitumiza kuchipatala chachikulu?" Safunsa anadya phula. Uzani wachipatala ngati wodwalayo anasutapo, anagwirapo ntchito kumigodi kapena anaotchapo makala, ndipo musaiwale kabuku kake ndi zithunzi zakale, chifukwa kuyerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano kumaonetsa ngati mthunzi ukukula. A Dorika ndi azibambo a mumpingo akhoza kusonkherana ndalama ya thiransipoti kuti kalata yotumizira wodwala isagone m'chikwama.

Chotsala ndi chimene ife a Adventist takhala tikuphunzitsa kuyambira kale: fodya ndiye gwero lalikulu la khansa imeneyi, ndipo utsi wake suvulaza wosuta yekha. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma pangano lenileni limachitikira pakhomo. Munthu akasiya kusuta, patatha zaka 10 chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha amene akusutabe. Ngati muli ndi agogo kapena amalume osuta, athandizeni kusiya mosawanyoza. Boolani zenera m'khitchini, gwiritsani ntchito nkhuni zouma ndi mbaula yosafuka kwambiri, ndipo mwana asamakhale kumbuyo pamene mayi akukoleza moto.