Mchona Amene Anabwerera Kwao

Masiku ano mtima wanga uli pa mkazi wina wa ku Mexico, dziko la kumwera kwa United States, dzina lace Dolores del Río. Nchito yace inali yosewera m'zithunzi zoyenda zija tizicha baisikopo. Kapena mudzati, Nanga za baisikopo zitikhudza bwanji ife? Lezani mtima, mumve.

Iye anabadwa m'caka ca 1904 ku Durango, m'banja la cuma, pakuti atate wace anali mkulu wa banki. Mu 1925 wopanga zithunzi wina, Edwin Carewe, anamuitanira ku Hollywood pamodzi ndi mwamuna wace, ndipo posacedwa mbiri yace inamveka kutali. Koma taonani umo anamgwiritsira nchito kumeneko: lero ambveka ngati mkazi wa ku France, mawa wa ku Russia, mkuja wa ku zisumbu za m'nyanja ya Pacific. Ndalama zinalipo, ulemu unalipo, koma m'maso mwanga anali mchona ndithu, wolima munda wa eni.

Pofika 1943, nchito itayamba kucepa ndi zaka zace zitayandikira 40, timpeza ali kwao, nasewera m'cinenero ca makolo ace. Caka comweco Emilio Fernández anampatsa mbali ya María Candelaria, mkazi waumphawi wa mtundu wa eni dziko, woyenda wopanda nsapato, wopalasa bwato la maluwa m'ngalande za ku Xochimilco. A m'mudzi amuda mkaziyo cifukwa mai wace anali wadama, ngakhale iye mwini sanacimwe kanthu. Cuma cace conse ndi kankhumba kamodzi, ndipo mwini sitolo amene amkongoza akaombera ndi mfuti. Adwala malungo, bwenzi lace, posowa pogwira, athyola sitolo kukaba kwinini, namangidwa. Potsiriza mlendo wina wojambula alemba nkhope yace, naonjezapo thupi lamarisece la mkazi wina. Anthu poona cithunzico safunsa mlandu, angomponya miyala mpaka kufa.

Poonera zimenezi ndinagwidwa manyazi. Malungo ndiwadziwa, ngongole ya ku sitolo ndiidziwa. Koma coposa ndidziwa umo timanenera za mwana kuti, Ameneyo ngwa uje, tisanaone nchito zace. Ndacinena ndekha cimeneci m'sukulu, ndipo si kamodzi ai.

Cithunzico cinalandira mphotho yaikuru ku Cannes, m'dziko la France, mu 1946. Alipo ena odandaula kuti mwana wa mwini banki, wosagonapo ndi njala, sayenera kubvala nsanza za osauka ndi kutamandidwa nazo. Mau awa ali ndi mutu, ndipo sindiwataya. Kubvula nsapato pamaso pa wojambula n'kosabvuta kwa munthu amene nsapato zace zimdikira m'galimoto.

Komatu cimene cinditonthoza ndi ici. Dolores sanabale mwana, koma atakalamba anayendayenda kusonkhanitsa ndalama, ndipo mu 1974 inatsegulidwa ku Mexico City nyumba yolereramo ana a akazi osewera anzace, kuti amai akhale ndi powasiya popita ku nchito. Iye anaiyang'anira nyumbayo zaka zingapo, kufikira mphamvu zinamthera.

Anamwalira pa 11 April 1983 ku Newport Beach, m'dziko la California, ndipo phulusa la mtembo wace analitengera ku Mexico.