Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale ku Switzerland

Abale anga a kumudzi, mundilole ndikusimbireni za mapu amene eni dziko lino la Switzerland amajambula, pakuti chiwaonereni mtima wanga sunakhale pansi, ndipo nsanje ndi mkwiyo zikulimbirana malo m'chifuwa mwangamu.

Midzi ya m'tsinde mwa mapiri ili ndi mapu ake opakidwa mitundu. Pofiira munthu saloledwa kumanga nyumba yatsopano, chingakhale malowo anamsiyira agogo ake, pabuluu amange ndithu, koma motsata zimene akatswiri alamula, pachikasu amangomchenjeza. Amawerengera chigumula chodza kamodzi pa zaka 30, pa zaka 100, kufikira cha pa zaka 300, chimene ngakhale zidzukulutudzi zawo mwina sizidzachiona. Kuno ku chigawo cha Bern nyumba iliyonse iyenera kukhala pa inshuwalansi, ndipo pamene bambo wina anadza kudzayendera hotela imene ndimagwirako ntchito, ndinamuona ndi maso angawa atagwada pakhomo, tepi ili m'manja, akuyeza kutalika kwa chiundo, nasuzumira mazenera a zipinda zapansi, nafunsa ngati khoma loyang'ana kuphiri ndi la konkire, ngakhale kunja kunali kowala, kopanda ndi kamtambo komwe.

Anaphunzira ndi misozi, nawonso. Ku Brienz, mu 2005, mtsinje wa Glyssibach unatsika ndi miyala ndi matope nupha anthu awiri. Pambuyo pake anaukulitsira njira, ndipo nyumba zina sanazimangenso pamalo pake, pozindikira chimene makolo athu ananena kale, kuti madzi saiwala khwawa. Chimene chinandithetsa mawu ndi cha ku Blatten: akatswiri ataona kuti phiri likusuntha, anasamutsa anthu pafupifupi 300 pamodzi ndi ziweto zawo, ndipo pa 28 May 2025, pamene madzi oundana ndi miyala zinakwirira pafupifupi mudzi wonse, anatayika munthu mmodzi yekha.

Tsono mayi wina wachikulire amene ndimachapa naye zofunda, munthu wa mtima wabwino amene amandigawira buledi wake, ataona zithunzi za Chilobwe za nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, anandifunsa mwachifundo kuti, kodi panalibe wokuuzani kuti pamenepo sipomanga? Ndinangoti zii, chifukwa Chijeremani changa n'chokwanira kupempha sopo, osati kuteteza mtundu wanga, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ndikanatha, ndikanamuuza kuti napolo sitinamumvere kwa azungu. Kuti anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndi kuti nkhalamba ya ku Mulanje ikhoza kukulozerani ndi ndodo pamene anadutsa, osaphonya. Amene anakwera m'phiri la Soche sanakwere chifukwa cha umbuli, koma chifukwa poloti ya m'munsi inaposa thumba lawo, lendi inawathamangitsa, ndipo ana anafuna pogona usiku womwewo. Nkhani ya womanga pathanthwe ndi womanga pamchenga timaidziwa kuyambira ku Sande sukulu. Koma thanthwe likakhala ndi mtengo wake, wosauka amange pati? Mutapaka Soche yense utoto wofiira lero, popanda kuwapatsa anthuwo malo ena, mwangowononga utoto. Komabe sindibisa mawu: mitengo ya m'phirimo tinaidula tokha, ndipo ogulitsa malo m'makwawa anali anthu athu omwe.

Inenso musandiyese mfumu. Chipinda chimene ndimagona chili theka pansi pa nthaka, zenera lake likulingana ndi nsapato za odutsa, nkhungu ili m'makona, ndipo ndinachisankha chifukwa ndicho chotchipa, kuti ndalama yotsalayo ndizitumiza kumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi akadzalowa, nyumbayo ili ndi woilipira.

Ndiye achimwene, popeza ndikudziwa kuti muwerenga, ndalama za mwezi uno musathamangire nazo malata. Mukafunse agogo a kuseri kwa tchalitchi pamene madzi analekeza mu 2015 ndi nthawi ya Freddy, mukhome chikhomo pamenepo, ndipo maziko a nyumba ya amayi apitirire chikhomocho, a njerwa zootcha ndi simenti, osati dothi. Khomo lisayang'ane kuphiri, ndipo ngalande ya kuseri ikumbidwe mvula isanayambe.