Fodya Wapachala

Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mlonda wina wa nkhalango ya paini ku Luwawa adayamba kusowa tulo. Malipiro ake adali omwe aja, pamene mtengo wa feteleza udali utakwera. Tsono mlamu wake wa ku Johannesburg adamtumizira mawu: "Alamu, bwerani. Kuno ntchito ilipo, ndipo malipiro ake ngochuluka."

Bamboyo adakhala m'mphepete mwa damu la Luwawa nasinkhasinkha. Nyumba zambiri zamalata m'boma la Mzimba zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Komabe sadaiwale anzake amene adabwerako chimanjamanja mu 2015, atathawa zipolowe zodana ndi alendo. Kuno adali ndi munda, ana ndi malipiro osaphonya mwezi. Uko adalibe ngakhale chilolezo chogwirira ntchito.

"Bambo, pakadafunda padajiwitsa galu," adatero mkazi wake.

"Inde, mayi," iye adayankha, "koma fodya wapachala ngwamphepo."

Motero sadapite. Koma kapepala kokhala ndi nambala ya mlamu wakeyo sadakataye. Adakapinda bwinobwino nakasunga m'Baibulo.