Funso Loyamba Ndiye Mlonda

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kuuza makina nthawi yochita chinthu ndi nthawi yochileka. Timalemba liwu loti if, kenako mafunso oyankhidwa kuti inde kapena ayi. Mafunso akakhala awiri, timaika && pakati pake ngati onse ayenera kuvomera, kapena || ngati limodzi lokha n'lokwanira.

M'zinenero monga C, Java ndi JavaScript, kompyuta imayambira kumanzere, ndipo ikangodziwa yankho imalekera pomwepo. Pa &&, funso loyamba likakana, lachiwiri silifunsidwa n'komwe. Pa ||, loyamba likavomera, nkhani yatha. Khalidweli timalitcha short-circuit evaluation, ndipo ena amalitchula ndi dzina la John McCarthy, amene anayambitsa chinenero cha Lisp mu 1958.

Ambiri amaona ngati phindu lake ndi liwiro chabe, koma ine ndimalidalira poteteza pulogalamu. Tinene kuti ndikufuna kudziwa ngati avereji ya malikisi a kalasi yaposa 50. Ndimalemba n != 0 && total / n > 50. Apa n ndi chiwerengero cha ophunzira, ndipo total ndi malikisi awo onse pamodzi. Kalasi ikakhala yopanda ophunzira, funso loyamba limakana, ndipo kugawa ndi ziro sikuchitika. Mukangowasinthanitsa mafunsowo, Java imaponya cholakwika chotchedwa ArithmeticException, pulogalamu n'kuima munthu ali pakati pa ntchito. Funso loyambalo ndiye mlonda wa pageti: akabweza mlendo, m'nyumba simulowa kanthu.

Komabe pamafunika kusamala. M'funso la kumanja sindibisamo ntchito yoyenera kuchitika nthawi zonse, monga kusunga risiti ya kasitomala, chifukwa tsiku limene kumanzere kwayankha kale, risitiyo siisungidwa, ndipo kompyuta siidandaula. Ntchito yotere ndimaipatsa mzere wakewake pamwamba pa if.

Zinenero nazo zimasiyana. Mu Python, and ndi or zimalekera panjira. Mu Visual Basic, And imafunsa mbali zonse ziwiri, ndipo wofuna kulekera panjira amalemba AndAlso kapena OrElse. Ada ili ndi and then komanso or else zolekera panjira. Ngakhale mu Java momwemo, & imodzi yokha imafunsa mbali zonse.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, musanadalire mlonda wanu yambani mwadziwa mwambo wa chinenero chimene mukulembamo, ndipo funso loteteza linzake muziliika patsogolo nthawi zonse.