Chitsulo chakufacho muzipita nacho

Anzanga apamsewu, ndikuuzeni zomwe zinandionekera.

Malemu bambo anatisiyira chigayo cha injini ya Lister CS, ija ya silinda imodzi ndi mawilo awiri olemera, yopangidwa ku Dursley, England. Fizi ya ana a mchemwali wanga imachokera pamenepo. Pampu ya dizilo itafa, ndinangoijambula pafoni n'kunyamuka. Ku Johannesburg wogulitsa anati, "Ndi yomweyi." Ndinadutsa nayo Beitbridge, Nyamapanda, mpaka Mwanza. Kufika kumudzi, mazinga osagwirizana. Chigayo chinakhala zii mwezi wathunthu anthu atangokolola, makasitomala n'kuzolowera kwina.

Ndinadziwa mochedwa kuti Lister anasiya kupanga CS mu 1987. Zipangizo zambiri za lero n'zotengera, zochokera ku Rajkot, India. Zina zimalowa, zina ayi. Mabawuti a injini yakaleyi ndi a mainchesi, osati mamilimita.

Tsono mukatumidwa, lembani nambala ya pakachitsulo ka injiniyo, ndipo chakufacho munyamule. Bushi kapena shafti amisiri osema zitsulo amapanga, koma pampu ndi nozo gulani basi.

Ulendo wachiwiri pampu yakaleyo ndinaikulunga m'chitenje. Lero chigayo chikulira.