Foni Ikalira, Intaneti N'kuthawa

Mayi wina wa ku Leicester anasintha rauta kawiri m'chaka chimodzi, koma vuto silinachoke. Foni ya m'nyumba ikangolira, kanyali ka pa rauta kamayamba kuphethira, vidiyo n'kuima, ana n'kuyamba kudandaula. Ine ndakhala ndikugwira ntchito ya mawaya a foni kuno ku Britain kwa zaka zambiri, ndipo dandaulo lotere ndikalimva sindithamangira kumasula chikwama cha zipangizo. Ndimayamba ndafunsa: "Mayi, muno muli masoketi a foni angati, nanga mwalumikizapo chiyani?"

Funsoli lili ndi chifukwa chake. Pa intaneti ya ADSL, timawaya tiwiri ta kopa timanyamula katundu wa mitundu iwiri nthawi imodzi. Mawu a munthu amayenda m'munsi, pakati pa 300 ndi 3,400 Hz, pamene intaneti imayambira cha pa 25 kHz n'kukwera mpaka 1.1 MHz. Chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi kabokosi kotchipa kotchedwa microfilter, kamene ntchito yake ndi ya sefa: mawu kwawo, intaneti kwake. Munthu akaimba, ku exchange, kumene mawaya a mafoni a m'dera amakakumana, amatumiza magetsi a mavolti pafupifupi 75 kuti foni ilire. Chipangizo chopanda sefa chikadzidzimuka ndi magetsi amenewa chimathira phokoso m'njira ya intaneti, rauta n'kusiya kumvana ndi makina a ku exchange. Kuti zimvanenso pamapita kamphindi ndithu.

Mayi aja anawerenga masoketi awiri. Wachitatu tinaupeza kuseri kwa kabati ya TV, ndipo pamenepo panali dikoda yakale yolumikizidwa ku waya wa foni popanda sefa. M'nyumba zina wolakwa amakhala makina a fakisi kapena alamu ya akuba imene mwini nyumba anaiwala kalekale kuti imaimba foni.

Sefa ikakhalapo paliponse koma vuto n'kupitirira, mmisiri amapita pa soketi yaikulu, pamene waya wa kunja amalowera m'nyumba. Akamasula chivundikiro chake amapeza soketi yoyesera, ndipo akalumikiza rauta pamenepo mawaya onse a m'nyumba amakhala atachotsedwa pa mlanduwo. Intaneti ikakhazikika, ndiye kuti nthenda ili m'nyumba momwemo. Kawirikawiri amakhala waya wa belu, wa pa nambala 3, amene kale ankathandiza mafoni kulira koma lero amangotola phokoso ngati mlongoti wa wailesi. Sefa iliyonse imatha kuliritsa foni yake, choncho wayayu timangomumasula.

Khutu nalonso ndi chipangizo. Pa mawaya a kampani ya Openreach munthu akaimba 17070 n'kusankha 2, foni imayenera kungoti zii. Akamva kuthetheka ngati chimanga pa chiwaya, ndiye kuti polumikizira pena, pa mtengo wa mawaya kapena m'bokosi la pansi, palowa madzi ndipo pachita dzimbiri. Vuto limeneli nthawi zina limaonekera chagada: intaneti imabwerera munthu akanyamula foni, chifukwa magetsi odutsawo amagwirizanitsa kwa kanthawi malo adzimbiriwo. Zikatero si ntchito ya mwini nyumba, n'zofunika kuitana eni mawaya.

Abale anga a ku Lilongwe amandiuza dandaulo lofanana, ngakhale kuti gwero lake n'lina. Iwo amagawa intaneti kuchokera pa foni ya m'manja. Foni yopanda VoLTE, njira yoimbira foni pa 4G, ikalandira kuimba imatsika pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, ndipo intaneti imafooka kapena kuima kufikira munthu atamaliza kulankhula.

Kuno ku Britain mafoni akale a mawaya akuyembekezeka kuzimitsidwa pofika Januwale 2027, ndipo mawu azidzayenda pa intaneti pomwepo. Koma nyumba zimene zidakali pa kopa zilipo, ndipo zimandiitanabe. Kwa mayi a ku Leicester aja ndinazula waya wa dikoda, n'kuika sefa yatsopano pa foni ya m'chipinda, kenako ndinaimba nambala yawo pa foni yanga ya m'manja. Foni inalira kasanu, tonse maso ali pa rauta. Kanyali kaja sikanaphethire.